Boma liyambire pati kuti mitengo ileke kuthamanga?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Ndirande ndipo geni yanga ndi ya mandasi. Bambo akunyumba ndi mlonda pakampani ina. Fulawa, mafuta ophikira, shuga ndi makala zikungokwerabe, koma ndikangokweza mtengo makasitomala amathawa, ndiye ndimangochepetsa mandasiwo mpaka ena amandiseka kuti ndikugulitsa mabatani. Boma lililonse likamapempha mavoti limati litsitsa zinthu. N'chifukwa chiyani silingolamula kuti katundu wakutiwakuti azigulitsidwa pa mtengo wakuti? Nanga inuyo atakufunsani, mungaliuze kuti liyambe ndi chiyani?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi mawu amene andale sawanena pamsonkhano. Mitengo yambiri imene mukuionayi siidzabwereranso pamene inali. Chimanga chimatsika nthawi yokolola, mafuta agalimoto amatha kutsikako pang'ono, koma botolo la mafuta ophikira silidzagulidwanso pa mtengo wa 2020, kaya alamule ndani. Chimene boma lingathe n'kuchititsa kuti mitengo ileke kuthamanga, kuti ndalama imene inu ndi bambo mumapeza ipeze mpata woipitirira. Mitengo ikamakwera cha m'ma 30 peresenti pachaka, monga zinalili mu 2023 ndi 2024, katundu wa K10,000 amakhala atadutsa K20,000 pomatha zaka zitatu. Palibe geni ya mandasi kapena malipiro a mlonda amene angathamange liwiro limenelo. Ikanamakwera ndi 5 peresenti, kuwirikiza komweko kukanatenga zaka pafupifupi 14, ndipo munthu akanatha kusunga kangachepe ku banki m'khonde osaopa kuti pogawana mu Disembala ndalamayo idzakhala itasanduka mapepala.

Zolamula mitengo zinayesedwapo, ndipo mathero ake tinawaona pafupi pompa. Mu 2007 boma la Robert Mugabe ku Zimbabwe linalamula eni masitolo kuti adule mitengo ndi theka, okana n'kumamangidwa. Patangopita masabata ochepa mashelefu anali pululu, buledi ndi shuga zikupezeka kuseri pa mtengo woposa wakale. Kwathu kuno phunziro lili pa mafuta agalimoto, amene mtengo wake amaika ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Kuchokera mu Novembala 2023 petulo anakhala pa K2,530 pa lita kwa zaka pafupifupi ziwiri osasuntha, pamene dola yogulira petuloyo inkasowa ndi kukwera. Papepala mafuta athu anali otchipa. Pamsewu anthu ankagona pamizere, ena n'kumagula wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, ndipo wa minibasi ndi wa kabaza ankakulipiritsani potengera wa m'chigubuyo. Mtengo wolamulidwa umapindulira yekhayo amene wapeza katunduyo, ndipo kawirikawiri opeza amakhala odziwana ndi akuluakulu.

Sikuti lamulo lilibe ntchito. Amalonda akuluakulu akapangana kuseri kuti akwezere limodzi mitengo, kapena akabisa shuga kuti asowe, pali bungwe la CFTC limene linakhazikitsidwira zomwezo, ndipo liyenera kupatsidwa mphamvu ndi ndalama zogwirira ntchito. Chimodzimodzi a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, pa nkhani ya masikelo obera alimi. Koma wobisa katundu amabisa chifukwa akudziwa kuti mawa akwera. Chifukwa chokwereracho chikachoka, kubisako kumatha kokha.

Tiyeni tione m'beseni lanumo. Tirigu wopangira fulawa pafupifupi yense amachokera kunja. Amene amalimidwa kumapiri a Neno ndi Ntcheu ndi wochepa kwambiri. Mafuta ophikira amayengedwa konkuno, koma ambiri mwa mafuta osayenga amene makampani amayambira amaitanitsidwa kunja. Shuga ndi wathu, wa ku Nchalo ndi Dwangwa, koma feteleza wa m'minda ya nzimbe, zitsulo za makina ndi dizilo wa mathiraki ndi zakunja. Ndiye kuti ndasi lililonse limene mumakazinga lili ndi dola mkati mwake. Mu 2022 boma linachotsa msonkho wa VAT pa mafuta ophikira, anthu n'kuyembekezera kuti atsika. Koma nkhondo ya Russia ndi Ukraine inali itayamba mu Febuluwale, ndipo mu Meyi kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Phindu la kuchotsa msonkholo linamezedwa panjira lisanakufikeni.

Dola imasowa chifukwa m'zaka zaposachedwa dziko lathu lakhala likugula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka, n'kumagulitsa wa pafupifupi 1 biliyoni yokha, ndipo pafupifupi theka la iyo ndi fodya. Fodyayo amagulitsidwa kwa miyezi yowerengeka ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, pamene mafuta ndi mankhwala timazifuna chaka chonse. Mpata wotsalawo unkatsekedwa ndi maiko otithandiza pamodzi ndi ngongole. Thandizo lolowa mwachindunji m'bajeti linaima itaphulika nkhani ya Cashgate mu 2013, ndipo ngongole nayo yatifika pakhosi.

Choncho poyambira panga ndi apa, ngakhale sipokoma kumva: boma liyambe ndi thumba lake lomwe. Chaka ndi chaka limawononga ndalama zoposa zimene a MRA atolera, ndipo kusiyanako m'zaka zapitazi kwakhala kukuzungulira pa 10 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga. Potseka dzenjelo limabwereka m'mabanki athu omwewa pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo zikathina limatapa ku banki yaikulu ya Reserve, kumene sikusiyana ndi kusindikiza ndalama zatsopano. Makwacha amachuluka m'manja mwa anthu, koma chimanga, simenti ndi madola sizinachuluke, ndiye mitengo imakwera. Banki yaikulu poyesa kuziziritsa zinthu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024. Mabanki ndiye amasangalala kubwereketsa boma, limene silithawa, kusiyana ndi munthu wofuna kutsegula chigayo kapena kafakitale kofinya mafuta a mpendadzuwa. Mu 2006 tinakhululukidwa ngongole zambiri zakunja. Zisanathe zaka 20 tinali titafika poti pa K4 iliyonse ya m'bajeti, pafupifupi K1 ikupita ku chiwongoladzanja chokha, ngongoleyo ili chikhalire. Zimenezi ndi ndalama zoposa zimene unduna wa zaumoyo umalandira. Zili ngati banja limene likutenga katapila kuti likabweze katapila wina: mwezi umatha, bambo amalandira, koma ndiwo sizigulidwa.

Kudula kuyambire kumwamba. Maulendo akunja a chigulu cha anthu, maalawansi a misonkhano ya kunyanja imene ikanachitikira mu ofesi, magalimoto a mabwana, mayina a anthu oti kulibe koma akulandira malipiro, makampani aboma amene amaluza chaka chilichonse n'kumaomboledwa ndi msonkho wanu. Chachikulu kuposa zonsezi ndi kagulidwe ka katundu waboma, kumene mitengo imakwezedwa dala kuti ena adyepo. Mu 2022 dziko lonse linamva za K750 miliyoni ya feteleza imene inalipiridwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama, feteleza osabwera. Kutoleranso kuli ndi mabowo ake: makampani okhululukidwa misonkho mosadziwika bwino, ndi katundu wolowa mozemba pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Kudula maulendo pakokha sikungatseke dzenje lonse, zimenezo tisanamizane. Koma mtsogoleri amene sanadule zake alibe pakamwa popempha mphunzitsi kapena inu kuti mupirire, ndipo anthu akakana kupirira, zina zonse zimene ndinene sizitheka.

Ambiri amakhulupirira kuti chimene chinatipweteka ndi kugwetsa kwacha: mu Meyi 2012 nthawi ya Joyce Banda, mu Meyi 2022, kenaka mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamene dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Ululu wake unali weniweni. Koma pofika tsiku lolengezalo kwacha imakhala itagwa kale pamsewu, chilengezocho chimangovomereza. Cholakwa chathu ndi choti timagwetsa kwacha n'kupitiriza kubwereka ndi kuwononga monga kale, ndiye pakatha miyezi ingapo mitengo iwiri ya dola, wa kubanki ndi wa pamsewu, yabwereranso. Kumayambiriro kwa 2025 dola kubanki inali cha pa K1,750, pamsewu itadutsa K4,000. Ndi nthawi imeneyo pamene ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unali utawapitirira msinkhu.

Mitengo iwiri ya dola imatenga ndalama kwa osauka n'kupereka kwa odziwika. Amene ali ndi mwayi wopeza dola kubanki amaitanitsa katundu motchipa, koma pokugulitsani inu amawerengera dola ya pamsewu. Wogulitsa soya ndi mtedza kunja ndiye amapwetekeka, chifukwa mu 2021 lamulo linayamba kumukakamiza kusintha 30 peresenti ya madola ake pa mtengo wa kubanki. Munthu wotere amaona kuti bola kudutsitsa mbewu usiku m'njira zachidule, ndalama n'kuzisiya kunja konko. Abale athu a ku Joni nawo amasankha kutumiza ndalama kudzera mwa madalaivala a mabasi ndi osintha a pamsewu. Dziko limene likulira madola limakhala likuwapirikitsa lokha. Mitengo iwiriyi iyenera kukumana, koma boma litayamba lachepetsa kubwereka kuja. Mu 2023 tinagwetsa kwacha kubwereka kusanachepe, ndipo pulogalamu ya ngongole ya madola 175 miliyoni yochokera ku IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, imene inabwera mwezi womwewo inathera panjira mu Meyi 2025.

Pa chimanga ndichedwapo, chifukwa ndi pamene timakangana kwambiri. Akamawerengera kukwera kwa mitengo ku ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ku Zomba, chakudya chimatenga kupitirira theka la zonse zimene amayeza, ndipo m'chakudyamo chachikulu ndi chimanga. Chikakwera, wa ganyu amakweza, mwini nyumba amakweza lendi, ndipo kasitomala wanu amene amagula mandasi awiri amayamba kugula limodzi kuti yotsalayo akagulire ka walkman ka ufa wa madzulo. Inu simukazinga ndi ufa wa chimanga, koma mtengo wa chimanga ndi umene umalamula kuti lero mugulitsa angati.

Chowawa pa chimanga ndi kudumphadumpha kwake. Mu Epulo ndi Meyi venda amafika m'mudzi, n'kumangirira sikelo yake pa nthambi ya mango pafupi ndi mphambano. Mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza, fizi ya mwana ndi wodwala m'nyumba amabwera ndi thumba panjinga, chimanga chisanaume bwino n'komwe, ndipo vendayo amachotsapo makilo angapo ati ndi a chinyezi. Pofika Januwale mlimi yemweyo akuchigulanso pa ndowa, mtengo utawirikiza. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndi NFRA yosunga nkhokwe za dziko, zilipo kuti zichepetse kudumphaku: kugula nthawi yokolola kuti mtengo usagweretu, kugulitsa nthawi ya njala kuti usakwere mopyola. Koma zaka zambiri ndalama zogulira zimatuluka mochedwa, mavenda atasesa kale, ndiye boma limakagula kwa mavenda omwewo modula. Apa sipafunika nzeru zachilendo. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye chowiringula chakuti bajeti sinadutse chinatha. Ndalama zogulira chimanga zizikhala zili m'misika pomwe anthu akuyamba kukolola, ndipo matani amene ali m'nkhokwe azilengezedwa poyera mwezi ndi mwezi. Akuluakulu akukumbukira njala ya 2002, imene inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa.

Zoletsa kugulitsa chimanga kunja nazo zizikhala ndi lamulo lodziwikiratu, osati nduna kungodzuka m'mawa n'kulengeza pa wailesi. Mlimi wamkulu amene angathe kulima mahekitala mazanamazana sangaike ndalama zake m'chimanga ngati sakudziwa kuti chaka cha zokolola zambiri adzaloledwa kugulitsa ku Zimbabwe kapena ku Kenya. Chiletso chimatsitsa mtengo chaka chino, n'kuchepetsa olima chaka chamawa.

Kenaka pali feteleza wotsika mtengo, nkhani imene wandale aliyense amaopa kuikhudza. Inayamba ndi Starter Pack mu 1998, inakula mu 2005 ndi makuponi a nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo zaka zoyambirirazo, mvula itagwanso bwino, dziko linakolola zochuluka mpaka kugulitsa kunja. Mu 2020 pulogalamu yatsopano ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inabwera ndi thumba la K4,495 kwa mabanja oposa 3.5 miliyoni. Pofika 2022 thumba linali K15,000, ndipo opindula anapitirira kuchepa mpaka kufika cha pa 1 miliyoni mu 2024. Chifukwa chake n'chosabisika: fetelezayu amagulidwa ndi dola yosowa ija, ndipo zaka zina pulogalamuyi inkameza kupitirira theka la ndalama za unduna wa zaulimi. Amene anaimapo pa depoti akudziwa zinazo. Amayi kugona panja ndi chiphaso cha unzika m'manja, netiweki ikukana, wokulitsa kufika mu Januwale chimanga chili m'mawondo chikufuna wobereketsa, mavenda akuzungulira kugula ziphaso kwa amene alibe ndalama yowombolera.

Sindikunena kuti pulogalamuyi ithe mawa, kutero kungabweretse njala chaka chomwecho. Vuto lake ndi loti ikusakaniza ntchito ziwiri zosiyana. Gogo amene alibe mphamvu zolima, kapena banja la kamunda kosakwana theka la ekala, thumba la feteleza amakaligulitsa basi. Iwowa akufunika ndalama m'manja, ndipo njira yake ilipo kale, Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Feteleza apite kwa amene ali ndi munda ndi mphamvu, afike mvula isanagwe, ndipo apite limodzi ndi ulangizi. Nthaka m'madera ambiri yatopa ndi chimanga chokhachokha, moti thumba limodzi silikubereka monga linkachitira kale. Popanda manyowa, laimu ndi kasinthasintha wa chimanga ndi soya, mtedza kapena nandolo, madola athu akungothera m'dothi. Mlangizi mmodzi masiku ano amayang'anira alimi masauzande, nthawi zina alibe ndi njinga yomwe, ndipo malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe amalandira zotsalira.

Ndalama zopulumutsidwa pamenepa zipite ku madzi. Timadalira mvula ya miyezi inayi kapena isanu, m'dziko limene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi nyanja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kummwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo anthu 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. M'madera amenewo feteleza wa zaka ziwirizo anapita ndi madzi kapena anapsa ndi dzuwa. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje, yofuna kuthirira mahekitala oposa 40,000, ndi ntchito yosayenera kuima boma likasintha. Koma tisaiwale masikimu akale a mpunga monga Domasi, Likangala, Limphasa, Hara ndi Muona, amene kukonza ngalande zake n'kotchipa kusiyana ndi kuyamba zatsopano, komanso mapampu oyendera dzuwa a magulu a alimi m'madambo.

Makala anu akulowera pa nkhani ya magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinali ndi magetsi. Chiwerengerocho chakwerako, masola athandizanso, koma ambiri m'tauni akuphikirabe makala. Pafupifupi magetsi onse a madzi amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ometa, owotcherera zitsulo ndi a zigayo anangokhala manja lende, mafakitale n'kumagula dizilo wa jenereta, mtengo wake n'kuukankhira kwa ogula. Masola a ku Salima ndi Golomoti amathandiza masana okha pokhapokha pali mabatire. Chingwe cholumikiza magetsi athu ndi a Mozambique, kuchokera ku Matambo kufika pa Phombeya ku Balaka, ndi damu la Mpatamanga la mamegawati oposa 350, ndi ntchito zimene zinayenera kutha kalekale.

Kulanda makala pa marodibuloko, ngakhale lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, kumangokweza mtengo wa thumba ngati mayi wa ku Ndirande alibe china chophikira. Mitengo ya m'nkhalango ikutha, ndipo thumba la makala likuchokera kutali chaka ndi chaka, ku Neno, Mwanza ngakhale kutsidya kwa malire. Chimene chingapulumutse nkhalango ndi gasi amene munthu angagule pang'onopang'ono, mbaula zosunga moto, makala ovomerezeka a m'minda ya mitengo, ndi magetsi osathimathima.

Za mayendedwe ndingodutsa. Tilibe doko, ndipo mafuta ambiri amabwera pa mathanki apamsewu kuchokera ku Dar es Salaam ndi Beira, pamene njanji ya ku Nacala ikudutsa pa Nkaya ndi Liwonde itasenza malasha a ku Moatize. Katundu wolemera monga mafuta, feteleza, tirigu ndi simenti malo ake ndi panjanji. Kumudzi nako tomato amaolera m'dimba chifukwa cha mlatho umodzi wokokoloka, mumzinda akudula.

Madola okhalitsa adzachokera ku zogulitsa zina kupatula fodya. Soya, mtedza, nandolo, makadamiya ndi mpunga wa Kilombero zili ndi misika, ndipo masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akunena zomwezi. Za migodi ine ndimachenjera nazo. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unayenda kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo mpaka lero anthu amafunsa chimene dziko linatsala nacho, chifukwa mgwirizano wake unapeputsira kampani misonkho kwambiri. Tsopano kukubwera migodi ya Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka ndi Songwe ku Phalombe. Mapangano amenewa aziikidwa poyera asanasainidwe, anthu awawerenge.

Munafunsa za mitengo, koma tawerengani ndalama zimene mumawononga pa zinthu zotchedwa zaulere. Mwana akadwala mumapita ku chipatala cha boma, adokotala amamuona bwinobwino, kenaka amakulemberani m'kabuku n'kukuuzani kuti mankhwala atha, mukagule ku famase. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma m'sukulu zambiri kalasi ya Sitandade 1 imakhala ndi ana oposa 100, ndiye kholo lofuna kuti mwana adziwe kuwerenga limalipira patitaimu kapena kumutumiza ku pulaiveti. Madzi a pa kiyosiki mumagula pa ndowa, ndipo lita imodzi imatha kukudulirani kuposa ya munthu wa ku Namiwawa amene ali ndi mpopi m'nyumba. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anali matenda a madzi ndi zimbudzi. Boma likaonetsetsa kuti mankhwala ofunikira alipo ndipo sakubedwa, aphunzitsi alembedwa ntchito, mipopi yafika m'makwalala, ndiye kuti lakuonjezerani ndalama m'thumba osakhudza n'komwe mtengo wa fulawa. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Ife nthawi zambiri sitifikapo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi chiwongoladzanja chija.

Pali nkhani ina imene anthu amailambalala. Kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, tikuchuluka ndi pafupifupi 3 peresenti pachaka. Kuyambira 2022 mpaka 2024 chuma sichinakule ndi 2 peresenti n'komwe pachaka, kutanthauza kuti gawo la munthu aliyense linkachepa. Kukalipira anthu kuti akubereka kwambiri sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi kusunga atsikana pasukulu mpaka amalize sekondale, ndi kuti njira zolera zizipezeka pachipatala chilichonse kwa amene akuzifuna.

Za malipiro a bambo. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, n'kukweranso chaka chotsatira. Kukwezako kunali koyenera, koma mwaona nokha momwe chimanga ndi lendi zinakumezera msanga. Komanso alonda ndi antchito a m'nyumba ambiri salandira ndi malipiro a lamulowo, chifukwa oyendera malo a ntchito ndi ochepa. Kulemba oyendera n'kotchipa kusiyana ndi malonjezo ambiri a pa kampeni. Pa misonkho, ndikanakonda boma lisamatsamire kwambiri pa VAT, imene wosauka ndi wolemera amalipira yofanana pa sopo yemweyo, koma lilimbikire kutolera kwa eni nyumba zikuluzikulu za lendi, eni malo ongokhala osalimidwa, ndi phindu la mabanki.

Chinanso chimene ndingaliuze boma ndi cha nthawi. Kukonza zimene ndatchulazi kumayamba kwapweteka: mafuta akaikidwa pa mtengo wake weniweni minibasi imakwera tsiku lomwelo, mitengo iwiri ya dola ikakumana fulawa imadumphanso. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa usiku umodzi, njira zopepukitsira anthu n'kumalengezedwa pambuyo. Ziziyenda mosemphanitsa. Mayina a olandira Mtukula Pakhomo akhale okonzeka, kuphatikizapo a m'matauni amene nthawi ya Covid-19 analandirako kwa miyezi yochepa, ndalama zake zikwezedwe molingana ndi mitengo, phala la kusukulu likhalepo, chimanga chikhale m'misika ya ADMARC, kenaka ndiye alengeze. Ndipo miyezi yoyenera kuchita zimenezi ndi yokolola, chimanga chili chotsika, madola a fodya akulowa, osati Novembala pamene munthu akusaka ndalama ya feteleza ndi mbewu nthawi imodzi.